Makutu Anga Anapha Alamu ku Jeppe

Inu owerenga, dzina langa sinditchula, koma mlandu wanga ndiunena wonse. Ndinaphetsa alamu anga, amuna a mlongo wanga, chifukwa chokakamira ntchito imene thupi langa linali litaikana kale.

Ku Joni ndinabwera kudzagwira ntchito mumgodi. Kontirakiti itatha sindinabwerere kumudzi, ndinazemba n'kupeza ntchito ku Jeppe, dera lina la mu Joni momwemo, pa kashopu ka mzungu wina konola ndi kupukuta zitsulo. Zinali zaka za m'ma 80. Pakati pa shopuyo panali mwala waukulu wonolera umene unkazungulira ndi mota yamagetsi. Motayo inali ndi kachipangizo koyeza liwiro, kamene kankauza makina kuti awonjezere kapena achepetse magetsi.

Kachipangizoko katafa, bwana anati kupeza kena n'kovuta. Wamagetsi anabwera n'kulumikiza mawaya mwa njira ina, kuti makina azingoyerekeza liwiro poona mphamvu ya magetsi olowa m'mota. Munthuyo sanabise kanthu. Anati njirayi imagwira, koma maginito a m'kati akafooka mota imathamanga ngati yapenga, pomwe singano ya pamita ili phee pamalo pake. Choncho pankafunika munthu womvetsera kulira kwa motayo, kukangokwera azimitse msanga.

Ndinadzipereka ndine, ndikudziguguda pachifuwa gu gu gu. Pashopupo ndinali ndi mbiri yoti mota ndimaimva ikamadwala. Chimene sindinanene n'choti makutu anga anali atayamba kutha. Makina obowolera miyala mumgodi anandisiyira nyenje zolira m'mutu, ndipo mawu oonda sindinkawamvanso. Anzanga akamaseka ndinkangoseka nawo, nkhani osaidziwa. Koma munthu wopanda pasi yololeza kukhala ku Joni, wogonthanso, angamulembe ntchito ndani? Mantha ndi kunyada zinanditseka pakamwa.

Alamu ndinawaitana ndekha kuchokera ku Ntcheu. Anali munthu wofatsa, woimba kwaya, ndipo kuhositelo komwe tinkakhala ankagona pansi pafupi ndi bedi langa osadandaula. Bwana anawaika pamwala wonolera uja. Tsiku lina m'mawa anasiya ntchito n'kubwera pomwe ndinali.

"Alamu, mwalawu lero ukulira mwachilendo. Kodi inu simukumva?"

Ndinayang'ana singano, ili pake. Ndinatchera khutu, nyenje zokhazokha. Anzathu a Chizulu anali akutiyang'ana, ndiye manyazi anandigwira.

"Inu mwabwera dzulodzuloli, mota mwaidziwa liti? Bwererani mukasebenze."

Anaweramitsa mutu n'kubwerera. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine mnansi wangayo ndinamubweza kukaima kutsogolo kwa imfa. Sipanatenge nthawi, mwala unaphulika. Phokoso limenelo ndiye ndinalimva bwinobwino. Chibenthu chinawamenya pachifuwa, ndipo anatsirizika m'manja mwanga tisanafike kuchipatala.

Wamagetsi atatsegula motayo anapeza zomwe ananena zija, waya wa maginito unali ukupsa pang'onopang'ono. Onse anati ndi ngozi ya makina. Palibe anafunsa za makutu anga, inenso sindinayambitse. Tinawaika m'manda a konkuno, Amalawi ochepa titazungulira, nyimbo ikutikanika.

Munthu wina wopita kumudzi ndinamutuma kuti akauze mlongo wanga kuti makina ndi amene analakwa. Pobwerera anandiuza kuti mlongo wangayo analira, kenako anati andithokozere chifukwa chowasunga bwino amuna ake kuchilendo. Inu owerenga, akananditukwana bwenzi pena nditapola. Kuthokoza kumeneko kukundidya mpaka lero.

Ndikukupemphani inu ogwira ntchito ndi makina, ngati choyezera liwiro palibe, dziwani kuti singano ikungopenekera, ndipo nthawi zina imanama. Mnzanu akati kulira kwasintha, zimitsani kaye, mukangane makina ataima, ngakhale wanenayo akhale wobwera dzulo. Ndipo maso kapena makutu akayamba kukuthawani, nenani. Ntchito ine ndinailuzabe, chifukwa pano ndinagontheratu. Ndikananena nthawi ija ndikanaluza ntchito yokhayo.

Kwathu sindinapondekonso, ndinatchona. Ana a alamu aja anakula, ndipo uthenga umandifika woti amanditcha malume awo abwino a ku Joni. Akuti akundidikira kuti ndikawafotokozere mmene bambo awo anafera, poti ndine ndinalipo. Galimoto zopita kwathu ndimapita kukaziona zikupakira katundu, ndimaima poteropo mpaka zitanyamuka.