Khadi la jokala m'sokosi

Matsenga a makhadi ndinawayamba chifukwa cha magetsi. Akazima ku Chimwankhunda, nyumba yonse zii, ndinkakhala pakhonde ndi foni n'kumaonera mavidiyo a anthu akusowetsa makhadi m'manja. Ndinagula paketi yanga kwa venda wina m'tauni ya Blantyre, pafupi ndi ofesi yathu, n'kuyamba kuyeserera. Kunena zoona ndinali mbuli. Makhadi ankandipulumuka n'kumwazikira pansi pa mipando, zala zili gwa ngati chinangwa chouma. Chimodzi chokha ndicho chinandikhala m'manja: kutambasula makhadi pamaso pa munthu, iye n'kumaganiza kuti wasankha yekha, chikhalirecho ndamukankhira khadi limene ndikufuna ineyo.

Luso limeneli ndinakalionetsa kwa achemwali anga ku Soche, Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi. Iwo, alamu ndi ana awo anaseka mpaka misozi. Achemwali akati asolole khadi, linkatuluka la jokala lokhalokha, lija la kamunthu kovala chipewa cha mabelu. Atandiumiriza ndinawaululira chinsinsi, poti ndi achemwali. Anti, mayi amene ankagwira ntchito pakhomopo, ankaonerera ali chiimire pakhomo la kukhitchini, koma nthawi youlula ija anali atapita kukaanula zovala. Anali mayi wamasiye wa ku Nsanje, amene analera ana onse a m'nyumbamo kuyambira ali m'matewera.

Patapita milungu ingapo achemwali anandiimbira foni. "Iwe, Loweruka ubwere ndi makhadi ako aja." Ine ndinanyada, ndimvekere ndiye kutchuka kwayambikatu.

Nditangofika anandikokera kuchipinda n'kutseka chitseko. Wigi yawo inali itasowa, ya tsitsi lenileni, yoitanitsa ku Joni, imene ankavala kumaukwati kokha.

"Ndi Anti," anatero. "Ndawafunsa, akukana. Ndiye tonse tisolola makhadi. Iweyo unene kuti amene atenge la jokala ndiye wakuba, kenako uwapatse iwowo. Anthu akumudziwa amaopa zoterezi, aulula okha. Akapanda kuulula, azipita."

Ndinawayang'ana achemwali anga, mayi wovala yunifolomu yoyera ya kutchalitchi sabata ndi sabata, ndipo ndinachita nseru. Ndikunena nseru yeniyeni, malovu kudzaza m'kamwa. Munthu wotsogolera mapemphero odzudzula asing'anga lero akundilemba ganyu ya ung'anga wabodza, chifukwa cha tsitsi lometedwa pamutu pa munthu amene sakumudziwa n'komwe.

"Munawaona akutenga?" ndinafunsa.

"Nanga angatenge ndani? Mwana wanga?"

M'nyumbamo munali mwana wawo woyamba, mtsikana wa kukoleji, amene pazithunzi zake za pafoni tsitsi linkasintha ngati nyengo. Munalinso alamu, amene nkhani zawo za chibwenzi cha ku Limbe tonse tinkazidziwa n'kumangokhala chete. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndikanakana, Anti akanachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, chifukwa achemwali ndimawadziwa, akapsa mtima sabwerera m'mbuyo. Ndiye ndinavomera, mumtima ndili ndi nzeru zanga zimene ndinkaziyesa zakuya. Ndinapita kuchimbudzi, n'kuchotsa khadi la jokala m'paketi, n'kulilowetsa m'sokosi. Ndinkati likapanda kutuluka, mlandu watha, Anti apitiriza ntchito yawo.

Tinasonkhana pabalaza. Achemwali anayamba ndi pemphero, abale inu, pemphero, kupempha kuti choonadi chionekere. Ine ndinatsinzina chifukwa cha manyazi basi. Anti ataitanidwa anapukuta manja pachitenje n'kugwada pafupi ndi chitseko. Ndinkayembekezera kuwaona akunjenjemera, koma ayi, nkhope yawo inali yowala ngati ya munthu amene wafika kuchipatala atadwala nthawi yaitali.

"Ankolo, ndiyambe ndine," anatero.

Ndinatambasula makhadi. Anasolola limodzi mosazengereza n'kulitembenuza okha: la mitima yofiira. Mtsikana uja anatenga lake n'kulitembenuza akuyang'ana kumbali. Alamu anati zachibwana izi, koma anatenga nthawi yaitali asanatembenuze lawo. Tinazungulira, tinazunguliranso, mpaka makhadi onse anathera patebulo. La jokala osaoneka.

"Basi, muno mulibe wakuba," ndinatero. "Mwina wigiyo inagwera kuseri kwa wadirobu."

Achemwali anandiyang'ana. Anadziwa zimene ndachita, ndinaona m'maso mwawo. Kenako anatembenukira kwa amuna awo n'kulankhula mofatsa ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi.

"Mwaona? Khadi lasowa m'manja mwa mwini wake. Mayi awa ali ndi mankhwala. Munthu wotere sangamandiphikire ine ndi ana anga."

Apa ndiye mtima unandiphulika. Ndinavula nsapato pamaso pa onse, n'kusolola khadi lija m'sokosi, litanyowa ndi thukuta, litapindika, likununkha phazi, n'kuliponya patebulo pakati pa makapu.

"Nali khadi lanu. Ndabisa ndine. Palibe matsenga apa, ndi zala chabe, ndipo inu achemwali mukudziwa bwino. Munandituma kuti ndiwapatse Anti."

Ndinkayesa kuti manyazi awagwira. Asa. Anangopukusa mutu mondimvera chisoni.

"Mpaka amuzunguza mutu mchimwene wanga. Anti, kalongedzeni."

Alamu anatenga rimoti n'kukweza mawu a mpira. Mtsikana uja analowa kuchipinda kwake n'kutseka chitseko pang'onopang'ono, kuti chisamveke. Mayi amene anamusambitsa, anamubereka kumsana, anamupukuta mamina, akukulunga zovala kukhitchini, iye atadzitsekera m'chipinda. Anthu onsewo anandinyansa, ndipo ndi anthu anga.

Katundu wa Anti anakwana m'jumbo ziwiri. Ndinawanyamulira imodzi mpaka pasiteji, chifukwa anati akagona kwa mbale wawo ku Limbe. Njira yonse ndinkangolongolola. Ndinawafotokozera mmene ndimakankhira khadi ndi chala chachikulu, kuti munthu sasankha yekha, wosankha ndimakhala ineyo. Ndinatulutsa paketi n'kuwaonetsa tili chiimire m'mbali mwa msewu, makhadi awiri n'kugwera m'fumbi. Iwo anawerama, anawatola, anawapukuta pachitenje n'kundipatsa ndi manja awiri.

Minibasi itaima, kondakitala akuitanira za ku Limbe, Anti anandilanda jumbo ija mwaulemu.

"Ndamva, ankolo, zikomo," anatero. "Koma mukanangolisiya m'paketi momwemo khadilo. Ine sindinabe, silikanabwera kwa ine. Likanapita kwa mwini wake, anthu onse akanaona."

Anakwera, anakhala pampando wakumbuyo jumbo zili pamiyendo, minibasi n'kunyamuka. Ine ndinatsala pasiteji paja ndi paketi yoperewera khadi limodzi, chingwe cha nsapato chili chimasukire, ndikulavula m'ngalande.