Alendo a pa Foni

Nyumba imene ndinkachita lendi ku Katete inali ya mkulu wina wa mpingo wathu. Inali yogawa pawiri. Mbali ina ndinkakhala ine ndi ana anga awiri, inayo munali banja la namwino. Mpopi, bafa ndi chimbudzi zinali panja, za tonse. Sukulu imene ndinkaphunzitsa inali pafupi, moti belu ndinkalimva ndili pakhonde.

Zinthu zinasokonekera mwana wa eni nyumbawo atabwera kuchokera ku Lusaka. Anafika osaodira n'komwe, n'kuyamba kujambula ndi foni khonde, mazenera, ngakhale maluwa amene ndinabzala ndekha.

"Ba ticha, chotsaniko zovala pa chingwe, ziononga chithunzi," anatero.

Sindinachotse. Munthu wobadwa ine ndili kale pa ntchito, kundilamula pakhomo panga!

Pasanapite nthawi namwino uja anauzidwa kuti asamuke. Mbali yake anaipaka penti, n'kuikamo mabedi atsopano. Kenako anthu anayamba kubwera: ogula soya, madalaivala opita ku malire a Mozambique, ena ndi akazi ooneka kuti si awo. Ankapeza nyumbayo pa foni, kulipira pa foni pomwepo, kugona, m'mawa ulendo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo tsache. Mabotolo a mowa ndinkatola ndine, chimbudzi ndinkatsuka ndine. Mwana wanga wamkazi, wa giredi seveni, anayamba kukana kusamba. Nditamufunsa bwino anati anapeza mwamuna wachilendo ataima pakhomo pa bafa, atavala thaulo lokha, akumufunsa dzina.

Tsiku lomwelo ndinapita kwa mkulu wa mpingo uja.

"Abambo, kodi paja ndi pakhomo pa anthu kapena mwatsegula loji?"

"Aphunzitsi, dziko lasintha," anayankha akumwetulira. "Masiku ano anthu amagawana zinthu. Pirirani, mlendo ndi mame."

"Mame ake ati osauma chaka chonse? Nanga mwana wanga akaonongedwa, tidzagawana chiyani?"

Kumwetulira kunatha. Anati ndilibe ulemu.

Ndinakadandaula ku ofesi ina pa boma. Bambo amene ndinawapeza anandimvetsera mpaka kumapeto. Anati malamulo amene iwo amagwiritsa ntchito ndi a maloji okhala ndi chikwangwani ndi laisensi, koma nyumba ya munthu yobisala mu foni, nkovuta ngakhale kudziwa kuti ilipo. Ndinatuluka nditakwiya. Wogulitsa tomato pa msika amalipira tikiti, koma wogoneka amuna osadziwika pafupi ndi ana anga analibe womufunsa.

Mwambo wa Kulamba utayandikira, mkulu uja anabwera ndi mwana wake. Nthawi imeneyo anthu opita ku Mkaika, kumene Achewa amachitira mwambowu, amadzaza paliponse pogona m'Katete.

"Aphunzitsi, sukulu ndi zotseka," anatero bamboyo. "Bwanji mupiteko kwa abale anu ku Sinda sabata imodzi? Katundu musiye mmene alili, alendo sadzaononga."

"Agone pa bedi langa? Adyere m'mbale zanga?"

"Nyumba ni ya adadi, ba ticha," analowererapo mwanayo.

"Iwe khala chete, ndikulankhula ndi akulu. Abambo, sinditulukamo."

M'mawa mwake ndinapeza mpopi atautsekera m'kabokosi ka chitsulo, loko ali lende. Kiyi ankapatsa alendo okha. Ine ndi ana tinkakapempha madzi kwa aneba, ndowa pamutu, alendo akutsuka galimoto zawo pabwalo langa. Nkhaniyi ndinaitula kwa amayi anzanga a chigwirizano cha ku mpingo. Onse anaweramitsa mitu. Mmodzi anandinong'oneza kuti naye akukonza kachipinda ka kuseri kuti alowe bizinesi yomweyo.

Mwezi utatha ndinasamuka. Nyumba zapafupi zinali zitakwera lendi, zina zitasanduka zogona alendo, choncho ndinakapeza kanyumba kutali kuseri kwa msika. Ana anayamba kufika ku sukulu fumbi lili m'miyendo.

Mvula itayamba alendo anachepa. Mwana wa mkulu uja anabwerera ku Lusaka, pabwalo panamera udzu. Tsiku lina masana akazi a mkuluyo anafika kwanga, nakhala pa mkeka, nayamba ndi za matenda ndi mbewu. Kenako anati, "Abambo akuti ngati mufuna, mbali yanu ija ilipo."

"Mpaka Kulamba kwina?" ndinafunsa.

Anaimirira n'kutsanzika. Ndinawaperekeza mpaka pa msewu chifukwa iwo sanandilakwire, koma ndinawauza kuti akanene kwa amuna awo kuti ana anga si katundu wosuntha nyengo ikasintha. Nyumbayo pano anabwereketsa kwa wamalonda wina, amasungiramo feteleza.