Mkanjo Woyera wa Ba Allal

Ba Allal anayamba kusema timatayilosi tokongoletsera makoma pamalo a Haji Tayeb, mumzinda wa Fes, ndevu zisanamere. Anakalambira pomwepo, atakhala pansi chopinda miyendo, kanyundo kali m'manja, fumbi la dongo lili tho m'mphuno. Ntchito ya manja ake ili m'mahotela amene iye sanapondemo phazi. Sanali wolongolola, koma kunyada kokha anali nako. Ankakonda kunena kuti mmisiri amachoka yekha, wopirikitsidwa ndi wakuba.

Haji atamwalira, mwana wake Anas anagula makina odulira. Makina samva msana, sapempha nthawi yokaswali. Tsiku lina Anas anaitana mkuluyo n'kumuthirira tiyi ndi dzanja lake.

"Ba Allal, inu ndinu bambo anga. Ntchito yamanja yatha, koma ine ndingakuchotseni bwanji? Anthu angandilavulire. Tingonena kuti mwafuna nokha kukapuma."

Lachisanu lotsatira panabwera mbale yaikulu ya kusikusi, chakudya cha tirigu cha paphwando, ndi nyama ya nkhosa. Anawerenga pemphero la Fatiha, Anas anamupsompsona pamutu n'kumuveka mkanjo woyera waubweya, wopeta pakhosi. Ba Allal anaimirira misozi ili m'maso, nauza anzake onse kuti akuchoka yekha, mtima uli mbee. Anamuombera m'manja. Munthu sanachotsedwepo ntchito mokoma chonchi.

Kunyumba kunali mkazi wake Rkia, wodwala shuga, wodzibaya jakisoni m'mawa ndi madzulo. Mankhwalawo ankalipiridwa ndi inshuwalansi ya kuntchito, ndipo ntchito itatha nayo inali pafupi kuduka. Boma limathandiza wochotsedwa ntchito: kandalama ka miyezi ingapo, komanso inshuwalansiyo imapitirira. Wosiya yekha alibe chake. Ba Allal za kandalamako analibe nazo ntchito kwenikweni, ankafuna jakisoni wa Rkia.

Ku ofesi yoona za otha ntchito anapeza mzere wofika pamsewu. Atafika pawindo, mtsikana wa pamenepo anafunsa mokweza, anthu onse akumva.

"Bambo, munachotsedwa kapena munasiya nokha?"

Kumbuyo kwake kunali mwana wa neba. Ba Allal anaongola khosi.

"Mwana wanga, tandiyang'ana bwino. Ine wochotsedwa? Ndinachoka ndekha, ndi ulemu wanga."

"Taganizani bwino, bambo. Zimene munene ndi zimene ndilembe."

"Lemba zomwezo."

Analemba, ndipo yankho litabwera linali lokana. Manyazi anapha lambe.

"Ndiye ulemu wanuwo ndizidzibaya nawo pamimba?" anafunsa Rkia. "Pitani mukachite apilo. Kunena kuti anakuchotsani sikuthyola dzino."

Apilo inafuna mboni. Ba Allal anayenda khomo ndi khomo kwa anzake a kuntchito, anthu amene anawaphunzitsa yekha kagwiridwe ka nyundo. Aliyense anamulandira ndi tiyi, aliyense anayang'ana pansi. Mfaddal, amene ankakhala naye moyandikana pantchito, ndiye ananena poyera.

"Akulu, mchere wa nyumba imeneyo tinadya tonse, ndipo ine ndikudyabe. Komanso munanena nokha pamaso pathu. Ndikalumbire kuti makutu anga ananama?"

Anabwerako opanda mboni, mtima ukuwawa. Chomupweteka kwambiri chinali choti Mfaddal sananame. Masiku otsatira ankayeserera m'nyumba mawu okanena ku apilo, Rkia akumukonza ngati mwana wasukulu.

"Kwezani mawu! Mukunong'oneza ndani?"

"Anandichotsa."

"Eya. Mwafa?"

Tsiku la apilo litakwana, Rkia yemweyo ndiye anatulutsa mkanjo woyera uja m'bokosi n'kuukuntha. Pamaso pa akuluakulu sapita ndi zigamba, ndipo chovala chabwino m'nyumbamo chinali chokhacho. Palibe mwa awiriwo amene anaganiza kawiri.

Kuseri kwa tebulo kunakhala akuluakulu a komiti. Anas analiponso, ndipo atangoona mkuluyo anadzuka n'kumupsompsonanso pamutu. Ba Allal ananena mawu amene moyo wake wonse ankati ndi a wakuba.

"Mabwana, sindinasiye ndekha. Anandichotsa. Anagula makina, ine n'kunditaya."

Thukuta linali chuchuchu, koma ananena. Anas sanakwiye n'komwe. Anapukusa mutu ngati munthu wolakwiridwa.

"Ba Allal, mukundiliza. Mkanjo mwavalawo anakuvekani ndani?"

Anatulutsa foni. Munali kanema wa phwando lonse lija: mbale ya kusikusi, Fatiha, ndi Ba Allal mumkanjo womwewo akuti akuchoka yekha, mtima uli mbee. Wapampando anayang'ana foniyo, nayang'ana mkanjo, n'kuyang'ananso foniyo.

"Bambo, wopirikitsidwa samuveka zotere. Kuwindo munanena chimodzimodzi. Ife tikhulupirire inu wa liti?"

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Apilo inakanidwa mipando isanafunde n'komwe. Potuluka, Anas anamufunsa mwaulemu ngati akufuna kuperekezedwa pagalimoto.

Ba Allal anatsika wapansi mpaka kumsika wa zovala kukagulitsa mkanjo uja. Wogula anautembenuza mkanjowo, anaununkhiza, nati ubweya wake ndi wosakaniza, si weniweni. Ngakhale pamenepo Anas anali atamudyera masuku pamutu. Mkuluyo sanatsutse. Analandira zimene anapatsidwa n'kulowa m'sitolo ya mankhwala.

Inali nyengo yozizira, mphepo ikuchokera kumapiri. Anafika kunyumba ndi shati lokha, milomo ikunjenjemera, kajumbo ka mankhwala a jakisoni a Rkia kali m'manja. Anatsegula firiji n'kuikamo. Rkia anamugwira pamkono, namva kuzizira kwake.

"Zayenda bwanji?"

"Ndanena. Mokweza."

"Ndiye?"

"Akana."

Rkia anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nanga mkanjo uli kuti?"

"Uli m'firijimo," anatero Ba Allal. "Uziugwiritsa ntchito mosamala, sufika kumapeto kwa mwezi."