Velo ya mwana wanga ndinaluka ndine

Kuluka lesi, nsalu ya timaukonde yokongoletsera zovala, ndinaphunzira ndili kale ndi banja. Ndinagwa pa njinga ndikutsika ndi matumba a kachewere ku Tsangano, mwendo n'kuthyoka. Miyezi itatu ndinangokhala pakhonde. Azakhali anga, amene anakulira tsidya la malire kwa masisitere, anatopa nako kudandaula kwanga. Tsiku lina anandiikira pamiyendo pilo wothina ndi makoko a chimanga, mapini, ndi timitengo tansungwi tokulungidwa ulusi.

Timitengoto umatipingasa tiwiritiwiri, kupotokola, kubaya pini, mpaka m'mphepete mutatuluka tinthu totambasuka ngati mchira wa nkhunda. Pokhota pake m'pamene pamavuta. Ukalekerera ulusi wakunja, mchirawo umafota. Ndinamasula kambirimbiri, koma mwendo utapola sindinasiye.

Anzanga a pabawo ankandifunsa ngati chitenje ndagula kale. Sindinalowe nazo m'nyumba. Ndinkalukira panja pomwepo, moyang'ana msewu.

Mwana wanga wamkazi atapeza banja, anandipempha ndimulukire m'mphepete mwa velo. Ndinaluka dzinja lonse ndikaweruka kumunda, zala zitalimba ndi khasu. Kutatsala sabata kuti ukwati uchitike, achimwene anga aakulu anabwera kudzandikhazika pansi. Anati akuchimuna ndi anthu aulemu wawo, ochokera kumadambo a mpunga, choncho aliyense akafunsa tinene kuti analuka ndi mayi a mwana. Mkazi wanga anangoti iye ngakhale kugwira timitengoto sadziwa.

"Achimwene," ndinatero, "mbatata zimene mudye paukwatipo ndalima ndine. Zimenezo tinenenso kuti analima wina?"

Anachoka osatsanzika.

Pa tsikulo, nthawi ya perekaniperekani, mayi a mkwati wamwamuna anagwira veloyo, n'kuiyang'anitsitsa, n'kufunsa kuti inagulidwa shopu iti. Ndinaona achimwene akundiyang'ana. Koma ndinaimirira.

"Sinagulidwe, amayi. Ndinaluka ndine, bambo wake."

Ena anaseka, sindikana. Mayiwo sanaseke. Anatembenuza nsaluyo kuona kuseri, kumene mfundo zimabisala, ndipo sanapeze ngakhale imodzi. Anafunsa ngati ndingawalukire nsalu ya paguwa la tchalitchi chawo, ndinavomera anthu onse akumva.

Achimwene sanandiyankhule mpaka nthawi yokolola. Titayambanso kuchezerana, nkhani ya velo sanaitchule, inenso sindinapepese.