Matanipi a Amalume

Kope lija ndikadali nalo. Ndi la chikuto chobiriwira, ngodya zake zinadyedwa ndi mphemvu, ndipo pa tsamba lina lapakati pali chidindo cha chala changa chachikulu, chakuda ndi makala osakanikirana ndi mafuta ophikira. Pamwamba pa chidindocho ndinalemba ndi zilembo zoimirira bwino, zija za mwana wofuna kuyamikiridwa: "Loweruka, sabata yachiwiri ya Ogasiti. Ndadzuka mtima ukugunda ngati tsiku la mayeso, koma ndili ndi chiyembekezo. Lero maphunziro aoneka ntchito yake."

Ndinali Folomu 2, pa tchuthi, kwathu kwa Mavwere. Matipate anali atangofika kumene, ndipo munthu aliyense anali ndi maganizo pa chilichonse. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, choncho nkhani zikuluzikulu za pakhomo pathu zinkadikira amalume, achimwene awo a amayi. Amalume ankayendetsa thiraki yodutsa pa boda kupita ku Zambia. Akabwera ankamveka fungo la dizilo ndi sopo wachilendo, ndipo sankanenanso kuti "tsopano", ankati "manje", kuti tonse tikumbukire kuti iwo ndi munthu woyenda.

Chaka chimenecho anatsegula okala pa boda, ndipo ankafuna wachibale wodziwa kulemba kuti azikhalamo. Wachibaleyo anali ine. "Ino ndi demokalase, aliyense anene maganizo ake," anatero atakhala pakhonde pathu, kenako n'kunena maganizo a tonse: sukulu yakwana, mtsikana akagulitse sopo ndi machesi. Amayi anangoti, "Mwanayu amakonda sukulu, achimwene." Amalume anayankha kuti iwonso amakonda ndege, koma amayendetsa thiraki. Ponyamuka anawonjezera: "Ndibweranso Loweruka. Adzandionetse chinthu chimodzi chokha chimene waphunzira kusekondaleko choti munthu n'kuika m'kamwa. Chikakhalapo, abwerere. Chikapanda kukhalapo, akwera nane."

Mwina ankangoseka. Koma amalume anali munthu woti nthabwala yake akaibwereza kawiri imasanduka lamulo, ndipo iyi anaibwereza katatu, kachitatuko ali kale panjira.

Chimene chinandipatsa mtima chinali m'dimba. Miyezi ingapo m'mbuyomo amalume omwewo anawabweretsera amayi kapaketi ka mbewu kochokera ku Chipata, chithunzi chake chitafufutika ndi dzuwa la pa galasi la thiraki. Anati ndi tanaposi wamakono. Amayi anafesa bedi lathunthu poganiza zokagulitsa masamba ku Boma. Masamba anatuluka ochepa, okhakhala, aubweya ngati a dzungu, koma pansi pake china chake chinayamba kutupa n'kumasuzumira pamwamba pa dothi, choyera kumunsi, kumtunda mtundu wa biringanya. Azimayi a madimba oyandikana nafe ankabwera kudzaona. Wina anati tanaposi wadwala. Wina anati ndi mbatata ya azungu. Wina anangochoka mofulumira, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankazungulira kutali popita kuchitsime. Amayi ankazula timitu ting'onoting'ono pamene pathithikana n'kuponyera nkhumba, ndipo nkhumba sizinadandaule.

Ine nditangoona ndinazindikira. Anali matanipi, ndipo ndinali nawo m'kope la maphunziro a zapakhomo. Aphunzitsi athu, mayi waukhondo wa nsapato zogogoda, anatilembetsa motere: "Sendani, dulani zidutswa, pakani mafuta ndi mchere, ikani mu uvuni wotentha kwambiri kwa mphindi makumi anayi. Ndi chakudya chapambali chosavuta, ngakhale mwana angathe." Mawu oti "chosavuta" ankawatchula atatsinzina. Uvuni wa pasukulupo unali utafa kalekale, ndipo ankasungiramo makope osachonga. Choncho matanipi tinawotchera pa bolodi, ndi choko, ndipo pa mayeso ndinakhoza bwino kwambiri. Lero ndimakayikira ngati aphunzitsiwo anawaonapo matanipi ndi maso. Sindiwaimba mlandu. Nawonso anachita kukopera kwa wina.

Nditawafotokozera amayi, anandifunsa ngati chimenechi ndi ndiwo. Ndinati ayi. Anafunsa ngati n'chomwera tiyi. Ndinati ayi, n'chapambali. "Nanga amalume ako akadzafunsa kuti adye bwanji, udzati chiyani?" Ndinati anthu ophunzira amadziwa okha. Amayi anati chabwino, nkhuku adzaphabe.

Loweruka lija ndinapita kudimba kukadali chisanu, mame akuluma zala za kumapazi. Apa m'pamene ndinalakwitsa koyamba, ndipo ndinalakwitsa mwaulemu. Kwathu mlendo sapatsidwa chinthu chaching'ono. Nkhuku ya mlendo ndi tambala wamkulu, dzungu la mlendo ndi lija lonyamula ndi manja awiri. Choncho ndinadumpha timatanipi tosalala tokhala ngati mazira, n'kuzula asanu ndi limodzi akuluakulu ngati mutu wa khanda, ong'aluka m'mbali, andevu kunsi. M'kope munalibe mawu alionse onena za kukula kwake. Panapita zaka zambiri ndisanadziwe kuti ang'onoang'ono aja ndiwo okoma, ndipo okalamba amakhala aulusi ndi owawa. Ndiye kuti miyezi yonseyo nkhumba zathu zinkadya bwino kuposa mmene amalume akanadyera.

Posenda, mpeni unkalira ngati ndikusema mpini. Fungo lake linkakwera m'mphuno ngati la mpiru wosinja, mpaka maso kuyabwa. M'kope ndinalemba kuti: "Ndi olimba bwino, chizindikiro cha thanzi."

Uvuni tinalibe, koma amayi anali ndi njira yawo yophikira chigumu: poto pa mbaula, chidutswa cha lata pamwamba, makala oyaka pa latapo. Anandiyatsira okha, n'kundiuza kuti moto wapansi uzikhala wochepa. Ine ndinati aphunzitsi anati uvuni ukhale wotentha kwambiri, ndipo ndinatenga mbale n'kuyamba kukupiza mpaka makala anafiira ngati maso a munthu wolusa. "Amayi, izi ndi za sayansi," ndinatero. Ndinanenadi mawu amenewa, kwa munthu amene anaphika zigumu ine ndisanabadwe osapsereza n'chimodzi chomwe. Anandiyang'ana pang'ono, kenako anapita kukasosola nkhuku.

Wotchi tinalibenso. Ndinayatsa wayilesi ndi kuwerengera kuti nyimbo imodzi ndi mphindi zinayi, ndiye zikakwana khumi ndivundukula. Sindinaganizire za woulutsa mawu, amene pakati pa nyimbo iliyonse ankawerenga moni wa anthu a m'dziko lonse, aliyense ndi azakhali ake. Pa nyimbo yachisanu ndi chimodzi amayi anadutsa ndi nkhuku m'manja n'kunena, osandiyang'ana, kuti, "Chikununkha." Ndinati zatsala nyimbo zinayi.

Nditachotsa lata lija, utsi unatuluka ngati wa ng'anjo ya njerwa. Zidutswa za m'mbali zinali zakuda, zosasiyana ndi makala a pamwamba. Zina zinali zakuda kunja koma zolimba ngati sizinaone moto. Pakati penipeni pokha ndi pamene panali zidutswa zisanu zofiirira bwino, ngati chithunzi cha m'buku la aphunzitsi. Ndinali mwana wachiyembekezo: ndinaona zisanu zijazo, n'kuganiza kuti zinazo zangopitirira pang'ono kukoma komweko.

Amayi anatola chidutswa chimodzi chakuda n'kuponya m'kamwa. Anatembenukira kukhoma, n'kutsokomola, n'kunena kuti ndi utsi. Nditatambasula dzanja kuti nanenso ndilawe, anandimenya pa zala. "Za amalume ako sulawa iwo asanalawe." Lamulo limeneli ndinali ndisanalimvepo m'nyumba mwathu, ndipo sindinalimvenso kuyambira pamenepo. Anandiuza kuti ndikasambe ndisamveke utsi pamaso pa alendo, kupakula apakula okha.

Amalume anafika dzuwa lili pamutu, thiraki ataisiya kumsewu. Anakhala pa mpando pakhonde, katebulo patsogolo pawo, ife pa mphasa chapatali monga mwa nthawi zonse. Ndinagwada n'kuwasambitsa m'manja. Amayi anabweretsa nsima ndi nkhuku, ndipo pomaliza kambale koikapo kapu ya tiyi, kali ndi zidutswa zisanu zija. Zinkanyezimira kuposa mmene ndinazisiyira, koma ndinaganiza kuti ndi mmene chakudya cha sayansi chimachitira chikazizira.

Amalume anachitembenuza chimodzi ndi chala. Anafunsa kuti n'chiyani. Ndinati ndi matanipi owotcha, chakudya chapambali, ndipo mbewu yake ndi ija anabweretsa iwo. Apa amalume anakodwa okha. Munthu woyenda sangavomere kuti mbewu imene anagula yekha saidziwa. "Ndikudziwa," anatero. "Ndimangokuyesa. Izi timadya ku Lusaka, m'mahotela, ndi foloko." Amayi, amene anauzidwa kuti ndi tanaposi, ankayang'ana mphasa ngati aiona koyamba.

Anatema nsima, n'kuyang'ana kambale kaja, n'kuyang'ananso nsima, dzanja lili m'mwamba, osadziwa kuti asuse kapena ayi. Kenako anabweza nsimayo n'kudya chidutswa pachokha. Anatafuna nthawi yaitali. Ndinkaona nsagwada zawo zikuyenda, ndipo pa kutafuna kulikonse ndinkadziona ndili kuseri kwa mawaya a okala, ndikupatsa madalaivala machesi. Anameza. Anatenga chachiwiri. Anamaliza zonse zisanu, napukuta kambale ndi chala.

"Manje onjezani," anatero. "Mlandu waukulu chonchi sungagamulidwe ndi mboni zisanu zokha."

Ndinadumpha ndi chimwemwe kuti ndikatenge poto yense. Amayi anandikoka chitenje mpaka ndinakhalanso pansi mwadzidzidzi. "Wophika amapuma," anatero, nalowa okha m'khitchini.

Khitchini yathu inali ndi khomo limodzi, loyang'ana pakhonde pomwepo, yopanda zenera, ndipo amalume anali ndi chizolowezi chovundukula mapoto a mlongo wawo ngati ofesala wofufuza katundu pa boda. Zimenezi ndikuzinena lero. Tsiku limenelo ndinangoona kuti amayi akuchedwa. Tinamva kutsokomola. Tinamva chikho chikutunga madzi mumtsuko, kenako kachiwiri, kenako kachitatu. Amalume anayamba kuimba mluzu.

Atatuluka, anali ndi poto wopanda kanthu m'manja, maso ali psu, m'mbali mwa milomo muli mwakuda. Anagwada. "Achimwene, mundikhululukire. Ndimati ndingolawa. Zandikomera, ndamaliza."

Amalume anaseka mpaka kumenya katebulo, mbale ya nkhuku n'kudumpha. Anadzukabe kukasuzumira m'khitchini, navundukula apa ndi apo, nabwerako akupukuta misozi. "Mlongo wanga iwe, wosadziwa ngakhale Chipata, kumaliza chakudya cha mu hotela wekha." Anakhala pansi n'kunditembenukira. Anati chinthu chimene chasandutsa mlongo wawo wakuba m'khitchini mwake momwe si chinthu chamasewera, ndiye mtsikana abwerere kusukulu, wa mu okala apeza wina. "Alipo wotsutsa? Palibe. Demokalase imeneyo."

Masana onse amayi anagona pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, dzanja lili pamimba. Anati atopa ndi kusosola nkhuku. Chakudya chamadzulo sanadye.

Patapita zaka, ndili pantchito ku Lilongwe, m'nyumba yokhala ndi uvuni wamagetsi wogwira ntchito, ndinawapeza matanipi pamsika ndipo ndinasankha akuluakulu, monga mwa ulemu wa kwathu. Ndinawotcha ndi wotchi m'manja, sanapserere n'komwe. Chidutswa choyamba ndinachilavula mu sinki. Zinali ngati kutafuna mphasa yoviika m'mankhwala a malungo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikukumbukira kukula kwa poto uja, ndi kuti zisanu zokha ndizo zinapita pakhonde. Nditapita kumudzi ndinawafunsa amayi. Anati zakalekale zimenezo sakuzikumbuka. Patapita kanthawi, akusenda nyemba, anati, "Shuga ndi msuzi wa nkhuku ndinathira pa za amalume ako zokha. Shugayo anali wochepa."

Koma mtsikana wa m'kope lobiriwira sankadziwa zimenezi. Dzuwa likulowa Loweruka lija anakhala pa mwala kuseri kwa nyumba, chala chikadali ndi makala m'chikhadabo, n'kulemba masamba awiri athunthu oyamika aphunzitsi ake ndi sayansi. Anamaliza motere: "Ndaphunzira kuti amayi amakonda matanipi kwambiri, moti sanathe kudziletsa ngakhale pamaso pa alendo. Mawa ndidzuka m'mamawa, ndikazula ena khumi akuluakulu, ndiwawotchere iwo okha."

Pa tsamba lotsatira pali mizere itatu yokha. "Lamulungu. Ndapeza amayi azula kale bedi lonse n'kupatsa nkhumba, akuti akufuna kubzalapo tomato. Sindikumvetsa."