Mzere Umene Malume Ankaudumpha

Fungo la majekete onyowa akuuma pa hita limandibwezera ku Thamesmead, ku London, m'holo ya sukulu imene mpingo wathu unkabwereka Lamlungu masana. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo m'nyengo yozizira imeneyo ndinalowa kalasi yokonzekera mgonero. Kuti tilandiridwe pa Pasaka, tinkayenera kunena pamtima Chikhulupiriro cha Atumwi, m'Chichewa.

Amayi ankasamalira okalamba, ndipo mashifiti awo ankagwera Lamlungu. Wondiperekeza anali mlongo wawo, malume a Fatsani, obadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe. Tinkakwera basi n'kukhala chipinda cham'mwamba, mawindo ali nthunzi yokhayokha, mvula ikuwaza mafulati otuwa ndi madzi a m'ngalande. Tikafika, iwo ankatsalira pa benchi ya m'khonde, pafupi ndi ndowa zokolopera. M'holo sankalowamo.

Mphunzitsi wa kalasi, mayi Nabanda, anatiuza kuti wokhulupirira mumtima ndi kuvomereza ndi pakamwa ndiye adzapulumuke. Ine ndinagwira za pakamwazo. Malume sankanena Chikhulupiriro, ndiye kuti tsiku lomaliza tonse tikalowa kumwamba, iwo adzatsalanso panja. Zinandivuta mpaka ndinapeza nzeru. M'basi ndinayamba kunamizira kuiwala, kuti iwo azindikumbutsa, mawuwo atuluke pakamwa pawo asakudziwa.

Nzeruyo inagwira. Ankandiseka kuti mutu wanga ndi sefa, koma ankanena mzere uliwonse bwinobwino, ndi Chinyanja chawo cha pa famu. Anandinenera za Atate wamphamvuyonse, za Pontio Pilato, za kuuka tsiku lachitatu, mpaka kukhululukidwa kwa machimo. Panatsala mzere umodzi, wa kuuka kwa thupi ndi moyo wosatha. Tikafika pamenepo ankapukuta windo ndi mkono wa jekete n'kumayang'ana kunja.

Lamlungu lina ndinaumirira.

"Iwe, umawadziwa mawuwo, usandipusitse," anatero. "Ine amandikakamira pakhosi."

Anandiuza mwachidule. Akazi awo anamwalira ku Zimbabwe mapepala a malume okhalira kuno asanatuluke, ndipo akanapita kumaliro sakanaloledwa kubwerera. Mwambo wa kumanda anauonera pa foni, atakhala m'khitchini mwathu. Kuyambira pamenepo, kunena kuti thupi lidzauka kunkawakanika, ndipo sankafuna kuimirira pakati pa anthu n'kunama.

Tsiku lomwelo ndinafunsa mayi Nabanda ngati munthu wodumpha mzere umodzi angapulumuke. Anandifunsa kuti munthuyo ndani. Nditawauza, anasiya kalasi n'kutuluka, ine ndili pambuyo pawo.

"Achimwene, kuno kukuzizira," anawauza malume. "Lowani. Pamene pakukuvutanipo tikunenerani ife."

Malume anaseka pang'ono, koma sanadzuke. Sabata yotsatira sanalowenso. Analowa pa Pasaka, mitengo ya panja itayamba kuphuka, n'kuima kumbuyo pafupi ndi mipando yosanjikiza. Mpingo wonse utaimirira kunena Chikhulupiriro, ine ndinatembenuka kuti ndione pakamwa pawo. Ankanena nawo. Titafika pa mzere uja anatseka pakamwa n'kuwerama, ndipo holo yonse inaunena mokweza, ophunzira a ku yunivesite, manesi, ndi agogo ochokera m'mafamu a ku Zimbabwe.

Tsiku limenelo ndinalandira mgonero, koma mumtima ndinkati ntchito yanga yaperewera ndi mzere umodzi. Ndinkayesa kuti Chikhulupiriro ndi mayeso, ndipo wokhoza zonse ndiye amalowa. Nditakula ndinachiwerenga mofatsa. Wobadwa, wopachikidwa, wouka ndi wokhululukira si ife, ndipo palibe mzere wonena za kukhoza kwathu. Malume amapitabe kutchalitchi mpaka lero. Sindinawafunsepo ngati anayamba kuunena mzere uja, koma tikafika pamenepo ndimakweza mawu.