Batani la Pankhongo

Mwana wanga ali ndi chipsera kuseri kwa mwendo wakumanzere, pamwamba pa chidendene, chopindika ngati mwezi ukangooneka kumene. Anthu akamufunsa amangoti anapsa ali wamng'ono, basi. Sanena kuti ine ndinali pomwepo, ndikumwetulira mzungu.

Zinali zaka zija aliyense pa wailesi ankati chuma cha dziko la azungu lino chadzukanso. Ife chinatidzukira ndi kalata. Mwini nyumba yomwe tinkachita lendi ku Clondalkin anati akugulitsa, ndipo ndinayenda ine, kuima pamzere panja ndi anthu ovala masuti kuti tione kachipinda kamodzi, ukangoti ndili ndi mwana nkhope ya munthu yasintha. Bambo ake a mwanayu anali atapita kale ku England, osacheuka. Mapeto ake a khonsolo anatiika mu kahotela kena kuseri kwa Parnell Street, chipinda chimodzi, bedi limodzi, ine ndi mtsikana wanga wa zaka faifi.

Malamulo anali atamatidwa kuseri kwa chitseko. Osalandira alendo. Osaphika. Ana asasewere m'kolido. Osasokosa. Ife a khonsolo tinkalowera khomo la m'mbali, kumene kuli mabini, kuti alendo enieni asamatione. Bwana wa pamalopo, wamtali, wa makiyi ambiri m'lamba, anandiuza tsiku loyamba, mwaulemu ndithu, kuti machenjezo ndi atatu, lachitatulo ukulongedza. Sabata isanathe loyamba ndinali nditalipeza kale. Mwana analirira nsapato yomwe inasowa, ndipo bambo wa chipinda choyandikana nafe, amene ankagwira ntchito usiku n'kumagona masana, anakadandaula.

Kwathu mwana akalira umapatsira mnzako, kapena umatuluka naye panja, kapena, tinene zoona, umamutsina kamodzi nkhani yatha. Kuno azimayi a kutchalitchi anali atandiopseza kale kuti usayerekeze kumukhudza, akakanena kusukulu mawa lake afika a soshala, a boma oona za ana, mwana uzingomuonera pa chithunzi. Ndiye dzanja ndamanga, panja mvula, womupatsira palibe. Phazi likamveka m'kolido ndinkatchera khutu. Ndinafika podziwa kuyenda kwa aliyense, woyeretsa, wa chipinda cha pakona, ndi makiyi aja.

Chinatithandiza ndi ma DVD amene anatipatsa mayi ena a mu kwaya, a ku Dedza, osamalira okalamba, amene tonse timangoti Anti. Anati ana awo akula, sakuoneranso. Inali katuni ya ku Japan, ya kamwana ka loboti, kopangidwa ndi zitsulo ndi mawaya koma kokhala ndi mtima wa munthu. Kankasangalala, kankakwiya, kankafuna kusewera ndi ana anzake. Chingelezi chake chinkathamanga kwambiri, ine sindinkatolapo zambiri, ndinkangotsata maso ake aakuluwo. Koma mwana wanga, eee. Akabwera kusukulu, chikwama pansi, iye pabedi, TV motsitsa, m'chipinda ziii. Ndinawapempherera Ajapani ine.

Tsiku lina ndikupinda zovala ndinaona chinthu. Kamwana kaja kanali pakati pa anthu ovala zoyera, kakuyankhula, manja m'mwamba, ndiye mmodzi anangokagwira pankhongo n'kudina. Pomwepo mutu zyoli, manja lende. Kuzima ngati wailesi.

Mwana wanga Chichewa amamva koma amayankha m'Chingelezi, ndiye mawu ake onse pano ndawatembenuza ndine. Ananditembenukira n'kuti, "Mami, ndidineni nanenso."

Ndinamudina ndi chala pankhongo, ndikuti, "Tiki." Anagwetsa mutu. Ndinawerenga mumtima mpaka twente, osagwedezeka. Nditadinanso anadzuka akuseka, nanenso ndinaseka, koyamba chilowereni m'chipinda chija.

Anali masewera. Ndikulumbira, anayamba ngati masewera. Koma ine ntchito yake ndinali nditaiona kale.

Makiyi akamveka m'kolido, tiki. Akayamba kuimba mu Luas, sitima ya m'tauni, anthu n'kumatiyang'ana, tiki. Pamzere ku ofesi ya za nyumba, tiki. Ndinamuikira ndi malamulo omwe: loboti ikazima siyankhula, silira, sigwedezeka, mpaka Mami ayidzutse. Akasuzumira ndi diso limodzi ndinkamuseka, "Aa, iyi si ya ku Japan iyi, ndi ya pa msika wa Moore Street, yotsika mtengo." Ndiye ankalimbikira kuti ndione kuti ndi yeniyeni. Ndinkanyada, musandione chonchi. Ndinkati taonani, sindimenya, sindikalipa, ndapeza nzeru ya kuno. Ndinaonetsa azimayi anzanga pa khomo la mabini lija, ndipo wina wa ku Nigeria anagwira m'mimba ndi kuseka, akuti, "Sista, batani limenelo ukalipeza lina undisungire, ine ndili nawo folo."

Anti okha ndi amene sanaseke. Ndinawaonetsa panja pa tchalitchi Misa itatha.

"Iwe, mwana si wailesi."

"Nanga ndizimumenya, Anti?"

"Ndani wati umumenye?"

"Nanga nditani? Chenjezo limodzi ndili nalo kale."

Anangotulutsa mpweya, n'kumudina okha mwanayo kuti adzuke, n'kumupatsa siwiti.

Tsopano za kuphika. Mwana sangakhale miyezi pa chipisi ndi buledi. Anayamba kudzimbidwa, kutoileti kumapita akulira, ndipo kulirako ndiye kumene ndinkaopa. Ndinagula kambaula ka magetsi, ka poto mmodzi, mu shopu ya zinthu zakale. Ndinkaphika mpunga, mazira, nyemba za m'chitini, windo nditatsegula, thaulo lonyowa pansi pa chitseko, sokosi nditaveka alamu ya utsi. Kakazizira ndinkakakulunga mu chitenje n'kukabisa pansi pa bedi. Sindinali ndekha wochita zimenezi, koma zimenezo sizinditsuka.

Linali Loweruka, cha m'ma wani masana. Ndinali nditangophula mpunga pamene ndinamva makiyi, kenako go go go.

"Kuyendera zipinda!"

Akamadzayendera ankaponyeratu kapepala kodziwitsa dzulo lake, kaya kanagwera kuti, ine sindinakaone. Ndinakuwa kuti dikirani ndikuvala. Poto ndinathamangira naye mu bafa kuseri kwa katani, ndinakwera pabedi kuvula alamu sokosi, perefyumu fwaa fwaa, thaulo ndinaponya mu wadiropu, kambaula ndinazula ku khoma n'kukakankhira ndi phazi pansi pa bedi, kakadali moto. Chingwe chake chinkaonekera. Ndinanyamula mwana n'kumukhazika m'mphepete mwa bedi, miyendo lende, kuti ibise chingwecho.

"Tiki."

Ndinatsegula. Bwana uja analowa ndi pepala lake. Anayang'ana windo, anayang'ana kudenga, ananunkhiza.

"Mwadya chiyani chonunkhira chonchi?"

"Zogula, bwana. Tabwera nazo ku shopu."

Ndi nthawi imeneyo pamene ndinaona phewa la mwana likudumpha, mwendo n'kuukokera kutsogolo. Chingwe chinaonekera. Ndipo ine, mayi ake, ndinamuyang'ana ndi diso lija. Aliyense wokulira kwathu akulidziwa diso limenelo. Ndinkaganiza kuti watopa ndi masewera, akufuna kutiyalutsa. Anali atakweza maso pang'ono, analiona disolo, anagwetsanso mutu. Mwendo anaubweza pomwe unali.

Bwana anawerama n'kumuyang'ana. "Uyu ali bwinobwino?"

"Akusewera loboti, bwana."

Anaseka. "Ana onse a m'nyumba muno akanakhala chonchi, bwenzi ndili pa holide."

Ine ndinaseka nawo. Ndinati zikomo. Bwanayo anayamba za mpope wa pa sinki woti ukudontha, atumiza munthu Lolemba, ine ndikuti inde bwana, zikomo bwana. Kaya inali mphindi imodzi, kaya ziwiri. Ndayesa kuiwerenga nthawi imeneyo zaka zonsezi.

Atatuluka ndinatsamira chitseko kumvetsera makiyi akutsika masitepe. Sindinamudzutse. Ndinayamba ndapita mu bafa kukaona ngati mpunga sunalowe madzi. Ndinabwera ndi poto m'manja, ndikuti, "Loboti yanga yawina lero!"

Ndiye ndinaona diresi. Pachifuwa panali patanyowa. Misozi inkatsika n'kumadontha pachibwano, mlomo atauluma, mphuno zikutukuka, koma mawu ayi.

Ndinamudina.

"Apita?" Ananong'ona.

"Apita."

"Mami, mwendo."

Nditaukweza, khungu linali litatuwa, chithuza chikutukuka, m'mphepete mutasupuka. Ndinamunyamula kuthamangira mu bafa, ndinatenga mankhwala otsukira mano, ndinawaikanso pansi, ndinatsegula madzi, foni paphewa.

"Anti, mwana wapsa."

"Ndi chiyani?"

"Mbaula."

"Madzi ozizira, usasiye. Zotsukira mano ayi, dzira ayi, wamva? Chachikulu bwanji?"

"Ngati zala ziwiri. Chasupuka."

"Ukamaliza madziwo, chipatala."

"Anti, akakandifunsa? Chipinda chipita. Mwana alanda."

"Ukakhala naye pamenepo chilonda n'kuola, ndiye alandadi."

"Ndikanena kuti ndi ketulo."

"Ketulo imaotcha kuseri kwa mwendo? Anthu aja amaona zilonda tsiku ndi tsiku, iwe. Nanga mwiniwakeyo akamufunsa? Umudinanso?"

Madzi ankangotsika. Mwana anali atagwira m'mphepete mwa bafa ndi manja onse, thupi lonse likunjenjemera, ndipo anandifunsa motsitsa, ngati akupempha bisiketi.

"Mami, ndingalire tsopano?"

Ndinayang'ana khoma la bambo wogona masana uja. Ndikulemba zimenezi chifukwa ndinayang'anadi. Mwana wapsa, wandipempha chilolezo cholira, ine maso ku khoma. Kenako ndinati, "Lira, mwana wanga. Lira."

Sindinadziwe kuti kathupi kotero kangasunge mawu ochuluka chonchi. Analira za mwendo, analira za miyezi yonse ija, bafa lonse linkalira naye. Khoma linayamba kugunda, gu gu gu. Ndinamuleka alire. Ndinamva makiyi akukwera masitepe mothamanga, ndipo ndinatsegula asanagogode, mwana ali m'manja, tonse titanyowa. Kambaula kanali pakati pa chipinda pomwe ndinakakokera, poto wa mpunga pambali pake.

Bwana uja anayang'ana kambaula, anayang'ana mwendo, anayang'ana m'mphepete mwa bedi pomwe mwana anakhala muja. Ndinaona kuti wazindikira zonse. Takisi anaitana yekha.

Kuchipatala nesi anandifunsa mmene zinachitikira, ndipo ndinanena zonse, mbaula, chingwe, batani, ngakhale diso lija. Chingelezi changa chinkaduka, ndinkamalizira ndi manja. Anaitanadi mayi wa soshala. Nditamuona akubwera ndi kope ndinagwira mkono wa mwana osausiya. Anafunsa, analemba, anafunsa mwana payekha. Sanandilande. Anatiyendera kangapo pambuyo pake, ndipo nthawi iliyonse ndinkachapa ndi zoyera zomwe.

Chipinda ndiye chinapita. Bwana anati za moto sizidikira chenjezo lachitatu, ndipo ponena sanandiyang'ane, nanenso sindinamuyang'ane. Lolemba tinatulukira pa khomo la mabini ndi majumbo akuda, mwana akutsimphina ndi bandeji. Tinagona pa sofa ya Anti masiku angapo, mobisala kwa mwini nyumba wawo, kenako m'mawa uliwonse foni, hotela iyi malo palibe, iyo usiku umodzi wokha, mwana kusukulu mabasi awiri. Panapita nthawi tisanapatsidwe malo okhala ndi khitchini ya tonse. Tsiku loyamba ndinangoima pa chitofu, osaphika.

Ma DVD aja sindinataye. Patapita zaka, tili kale m'kanyumba kathu, anawapeza m'katoni n'kuika imodzi, ine ndikusita. Tsopano Chingelezi ndinkamva. Inafika pa anthu ovala zoyera paja. Kamwana kaja, manja m'mwamba muja, sikankasewera. Kankapempha kuti asakazimitse, kankati kakazima kamamvabe zonse, kamaopa.

Ndinaika simbi pansi. "Amenewa ndi ndani?"

"Ndi oipa aja, Mami."

"Unkadziwa nthawi ija?"

"Eya. Aliyense akudziwa."

"Nanga bwanji unkati ndikudine?"

Sanachotse maso pa TV. "Koyamba ndinkangosewera. Kenako mukandidina munkasiya kuopa."

Panopa watalika, watsala pang'ono kundipitirira, amasewera mpira kusukulu, pakamwa pake sipatsekeka, amatsutsana ndi aphunzitsi. Anti amati ameneyu adzakhala loya. Koma akagwa salira mokweza. Tsiku lomwe anabayidwa jakisoni kusukulu ndinali pomwepo, ndinaona dzanja lake likupita lokha pankhongo. Ndinamupepesa, kambirimbiri, mpaka amati, "Mami, mwayambanso." Loweruka lililonse ndimamuluka tsitsi, iye atakhala pansi pakati pa miyendo yanga ndi foni yake. Ndimayambira kutsogolo, mizere yonse ndimamaliza bwinobwino, kuseka, kukangana za mafuta. Ndikafika kumbuyo, pa titsitsi tating'ono ta pankhongo, manja amaima. Amadikira pang'ono, kenako amagwira dzanja langa n'kuliika yekha pamenepo, akuti, "Malizani, Mami, anzanga akundidikira."